Mmene a Priska ananenerera viza ya ku India

Akazi anga a Priska sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba chibadwire. Ndikunena izi ngati munthu amene wakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndazithera padzuwa, jumbo ili m'manja, kudikira kuti wogulitsa tomato agonje. Ine ndine Kalisto. Ndinkathirira nzimbe ku esiteti ya ku Nchalo mpaka mawondo atakana. Pa zogula ndine wamanyazi. Wogulitsa akati faifi handiredi, ndimapereka faifi handiredi n'kuthokoza. A Priska amati amenewa ndi matenda, ndipo akhala akundipempherera.

Iwo anabadwira kumadambo a kwa Nyachikadza, makolo awo atachokera ku Mutarara, ndipo Chisena sichichoka pakamwa pawo. Nsomba anayamba kugulitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakhala pambali pa mayi awo n'kumaingitsa ntchentche. Sukulu anasiyira sitandade folo, koma pa masamu a pamsika ngakhale mphunzitsi wamkulu amatuluka thukuta. Kwa iwo mtengo woyamba ndi moni chabe. Munthu wakupatsa moni, iwe uyankhe, mufunsane za kunyumba, kenaka nkhani iyambe. Wolipira mtengo woyamba amamuona ngati munthu wamwano amene wadutsa anthu osalankhula.

Kuti mumvetse kukula kwa vutoli, ndikuuzeni za tsiku limene abale anga anapita kukandilowolera. Abambo aang'ono a mkazi wangayu anatchula ng'ombe ziwiri ndi mbuzi zinayi. Mkwatibwi amayenera kukhala phee m'nyumba, koma a Priska ali kuseri kwa chitseko cha bango anamva mtengowo, mtima unakana. Anatuma azakhali awo kukanong'oneza abale anga kuti asavomere msanga, anyamuke ngati akupita. Abale anga ananyamukadi, ndipo atangodutsa khola la mbuzi anaitanidwa. Tinapereka ng'ombe imodzi ndi mbuzi zitatu. Kwa zaka zambiri ndinkayenda modzitukumula poganiza kuti chinali chikondi. Tsiku lina nditawafunsa anati, "Chikondi chinalipo, bambo a Emmie, koma mtengo unali wokwera."

Nditapuma ntchito tinamanga ku Bangula pafupi ndi msika, kumene a Priska ali ndi benchi la mlamba wowamba ndi tinsomba ta makakana. Kuno aliyense amawadziwa. Makondakitala a minibasi akawaona amatseka chitseko n'kunena kuti yadzaza, mipando ili yokhayokha. Wopalasa bwato wina anawaolotsa Shire akunenerera mpaka pakati pa mtsinje, ndipo atafika kutsidya anawapempha kuti pobwerera akwere la mnzake. Kalipentala amene anakhoma bokosi la malemu bambo awo analira kuposa ife anamfedwa.

Tili ndi ana anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, Emmie. Emmie anakwatiwa ndi Gilbert, mnyamata wofatsa wa ku Kasisi, amene anatumizidwa ku India kukawonjezera maphunziro a zaulimi, ndipo anatenga mkazi wake. Mu 2023 Emmie anatiimbira kuti ndi woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo madokotala akuti kumayambiriro kwa Disembala. Anapempha chinthu chimodzi chokha, choti mayi ake akafike tsikulo lisanakwane. Kuno kwathu mwana wamkazi sachira koyamba mayi wake ali kutali. Ndiye amamugwira dzanja, ndiye amasambitsa khanda, ndiye amakalipira mkamwini akamazungulirazungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Emmie analibe wina kumeneko.

Pasipoti inalipo, chifukwa Emmie analipira yekha asanachoke, mayi ake osadziwa mtengo. Gilbert anati tikiti ya ndege agula viza ikangotuluka, ndipo viza yake ndi ya alendo, yofunsira pa intaneti, palibe kupita ku ofesi. Anati alipiranso yekha kumeneko. Apa ndi pamene zinalakwika. A Priska anakana kwamtuwagalu. "Ana inu mumagula ngati mukuthamangitsidwa," anatero. "Imeneyo ndikagula ndekha."

Pakati pa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kumangopuma wefuwefu, tinapita kwa a Ernest. A Ernest ndi bambo wadazi, mkulu wa mpingo, amene ali ndi kashopu ka kompyuta pafupi ndi depoti. Amafotokopa, amataipa makalata, ndipo ali ndi khadi ya ku banki yotha kulipirira zinthu kunja. Ndi munthu woleza mtima kwambiri amene ndimamudziwa, kapena ndinene kuti anali.

Fomu inayenda bwino. Dzina, tsiku lobadwa, chithunzi, adiresi ya Gilbert. Kenaka anafika pa tsamba lolipirira. A Ernest anafotokoza kuti pali ya mwezi, ya chaka ndi ya zaka zisanu, iliyonse mtengo wake.

"Ndiye ali ndi milu itatu," anatero a Priska, akusendeza mpando. Ndinaona maso awo akuwala, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

Tinasankha ya chaka, popeza khanda silisamalidwa mwezi umodzi. A Ernest anawerenga mtengo wa m'madola, anautembenuza m'makwacha pa foni, anaikapo kandalama ka banki kotumizira, ndi kawo ka ntchito. Zonse pamodzi zinkafika pa mbuzi yaikazi yabwino. Ndalamazo zinalipo, musaganize kuti tinapita chimanjamanja. Zinali zomangidwa pa mpango m'chiuno mwa a Priska. A Ernest ananenanso kuti ukalipira sizibwezedwa, ngakhale akukane.

A Priska anaseka kuseka kwawo kwa pamsika, kokhala ngati wamva nthabwala ya mwana.

"Viza yake ndi iti? Itulutseni ndiione."

"Siioneka, mayi. Ikatuluka imabwera pa imelo, ine ndimangosindikiza papepala."

"Pepala lake la ndani?"

"Langa."

"Inki?"

"Yanganso."

"Ndiye iwo akugulitsa chiyani? Nkhabe, ayi ndithu! Auzeni kuti ndili ndi theka. Ndipo andipatse ya chakayo pa mtengo wa ya mwezi."

A Ernest anawaonetsa kuti pa kabokosi ka mtengo sipalembeka kanthu. Anadina, anadinanso, nambala ili chiimire. A Priska anagwedeza mutu ngati munthu amene wazionapo zoterezi kambirimbiri. Anaimirira, anamasula chitenje n'kuchimanganso pang'onopang'ono, anatsanzika mokweza kuti kompyuta imve, n'kutuluka. Pakhomo anatsokomola. Pa siteji ya akabaza anaima ngati akukonza patapata.

"Aitana?" anandifunsa osacheuka.

"Sanaitane."

"Tiyeni, musacheuke. Aitana tikamadutsa pachigayo."

Tinadutsa pachigayo, tinadutsa pamjigo, tinafika kunyumba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo palibe amene anawathamangira. Ndinkayesa akwiya, koma anakhala pakhonde akumwa madzi mwaulemu. "Munthu ameneyu ndi katswiri," anatero. "Koma amuna anzake ndawaonapo."

Patapita masiku awiri anabwerera, ulendo uno madzulo dzuwa litapendeka, nthawi imene wogulitsa aliyense amayamba kuyang'ana katundu wake ndi nkhawa. Anafunsa a Ernest kuti msika wa ku India umaweruka nthawi yanji. A Ernest anati tsambali silitseka, usana ndi usiku, Lamulungu lomwe.

"Nanga zotsala amatani nazo?"

"Sizitsala, mayi. Siziwola."

Apa a Priska anakanda mutu. Nzeru zawo zonse za malonda zimatsamira pa chinthu chimodzi, choti katundu amawola ndipo mwini wake amadziwa. Wogulitsa wa katundu wosawola anali asanakumanepo naye. Ali chiganizire, tsamba lija linazimitsika n'kulemba kuti nthawi yatha, tiyambirenso. Iwo anawomba m'manja. "Mwaona? Akunamizira kulongedza. Ineyo ndimatero Lachisanu lililonse."

Mlungu wotsatira anatuma ine. Anati mwina mtengowo anawatchulira chifukwa anaona chithunzi chawo atavala ndolo, ndiye ndipite ndekha ndikafunse ngati munthu wongodutsa. Anandiveka malaya ong'ambika a kumunda ndi chipewa cha mlaza chofika m'maso. Ine, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndinayenda chonchi pakati pa Bangula masanasana. Nditangolowa, a Ernest anati, "Mwaswera bwanji bambo Kalisto, chipewa chabwino." Mtengo unali womwewo. Pobwerera mayi wina wachifundo anandipatsa mango awiri.

Mundifunsa kuti bwanji sindinangolipira mwakachetechete, kapena kumuuza Gilbert alipire. Ndinayesa. A Priska anapita kwa a Ernest n'kulumbira kuti wina akangolipira mtengo umenewo, ndegeyo akwere yekha. Ndipo tinkadziwa kuti sakuseka. Awa ndi munthu amene anakana kudya nkhuku ya pa Khirisimasi chifukwa ndinaigula osanenerera, anadyera therere ife tikunyambita zala. Koma ndisabise, mlandu wina ndi wanga. Msika wonse unali utamva kuti a Priska agwirana ndi kompyuta, ndipo m'mawa uliwonse anthu ankandifunsa kuti zili pati. Ogulitsa amene anawazunza zaka zonsezi anali mbali ya kompyuta, amayi a nsomba mbali ya a Priska. Ine ndinkakomedwa nazo. Ndinkayenda ngati mwamuna wa munthu wotchuka, ndipo pansi pa mtima ndinkafuna kuona ngati angapambane.

Kenaka a Priska anati akufuna kulankhula ndi mwini wake wa vizayo, osati wantchito. A Ernest, amene tsopano ankati akawaona amayamba kupukuta dazi, anapeza adiresi ya imelo pansi pa tsambalo. A Priska anakhala mwendo pamwamba pa unzake n'kuyamba kunena, a Ernest akutembenuza m'Chingerezi. Anayamba ndi kufunsa za moyo wa kunyumba ndi ngati mvula yagwa kumeneko. Anadzitchula kuti ndi mayi wa bizinesi wodziwika kuyambira ku Nchalo mpaka ku Marka. Anati lero akugula imodzi, koma ali ndi ana aamuna atatu, ndiponso amayi a mpingo makumi asanu ndi limodzi amene onse amafunsa kwa iwo asanagule chinthu. Anamaliza ndi kulonjeza milamba isanu ikuluikulu, yowamba bwino, yopanda mchenga.

Yankho linabwera mphindi yomweyo. Linati uthenga walandiridwa ndipo adzayankha. A Ernest anafotokoza kuti ndi makina amene amayankha choncho kwa aliyense, koma a Priska anali ataimirira kale.

"Munthu wosafuna malonda sayankha msanga chonchi. Wafewa! Takhuta, zikomo, a Ernest. Timupatse mlungu umodzi."

Ndipo potuluka ananenerera ya kutaipa kalatayo mpaka inatsika.

Lamulungu lililonse Emmie ankaimba pa vidiyo, nkhope itatupa, akupuma movutikira. "Amayi, viza ili pati?" Iwo ankati, "Tikukambirana, mwanawe, zatsala pang'ono. Disembala ili kutali." Emmie ankaseka, chifukwa amawadziwa mayi ake, koma kuseka kwake kunkafupika mlungu ndi mlungu. Tsiku lina anandipempha kuti ndipite panja ndi foni, n'kunena motsitsa mawu kuti miyendo yatupa kwambiri ndipo usiku sagona. Ndinawauza a Priska. Anati miyendo imatupa kwa aliyense, iwo anatupa kanayi konse, ndipo tsiku amalidziwa kuposa madokotala.

M'mwezi wa Novembala wailesi inalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu. Tinapita kwa a Ernest, anawerengeranso pa foni, n'kutembenuza foniyo kuti tione tokha. Mtengo unali utakwera ndi pafupifupi theka. Mbuzi ija inali itabereka.

Sindinawaonepo a Priska atakwiya chotero. M'moyo wawo wonse mtengo umatsika, kapena ukauma umaima pomwepo. Woti ukwere iwo ali mkati monenerera, chimenecho chinali chipongwe.

"Ndimulonjeza nsomba, iye akweza? Analeredwa ndi ndani munthu ameneyu?"

"Sanakweze, mayi. M'madola ndi chimodzimodzi. Yagwa ndi ndalama yathu."

"Ndiye idzuka. Chogwa chimadzuka. Ine nkhabe kulipa, akundiopseza chabe."

Tsiku limenelo ndinalankhula mokweza pamaso pa anthu, chinthu chimene sindichita. Ndinati mwanayo ndi wanganso, ndipo mbuzi tingagule ina. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti munthu wogula nkhuku osanenerera asawaphunzitse malonda. Akabaza amene anali pakhomo anaseka, ine ndinaisiya nkhaniyo pomwepo. Ndimadzida nazo mpaka lero.

Lachiwiri la mlungu wotsatira, cha m'ma 11 koloko, ndinali pa benchi lawo kuwathandiza kuingitsa ntchentche pamene foni inalira. Anali Gilbert. Anati ali kuchipatala, matenda ayamba milungu itatu tsiku lisanakwane, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo madokotala akuti achite opareshoni pompano. Kenaka anapereka foni kwa Emmie. Ndinamva ndekha chifukwa foni ya a Priska imalankhula mokweza ngati wailesi.

"Amayi, ndikuopa. Muli kuti?"

A Priska anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Munthu amene sanasowepo yankho kwa kondakitala, kwa wapolisi, kwa wansembe. Foni inaduka. Anasiya nsomba zili pambalambanda, osavundikira, osauza mnzawo kuti aziyang'anira, n'kuyamba kuthamanga. Patapata imodzi inatsala pa ngalande. Ine ndi mawondo angawa ndinafika iwo atamasula kale mpango, ndalama zili mbwee pa tebulo la a Ernest.

"Lipirani."

A Ernest anakokera mpando pafupi ndi kompyuta. Anatsegula tsamba, anadzazanso fomu, analowetsa manambala a khadi. Kompyuta inalandira ndalamazo mosavuta, ngati sipanakhalepo nkhondo. Kenaka a Ernest anati, mwachifundo, yawo ya ntchito tisiye.

"Musachotse," anatero a Priska. "Tengani yonse. Ituluka nthawi yanji? Madzulo ano?"

"Masiku atatu kapena anayi, mayi. Ena amati amadikira kuposa apo."

"Auzeni ndiwonjezera." Anavula ndolo n'kuziika pa tebulo. "Auzeni ndipereka kawiri. Ndili ndi mbuzi zisanu ndi imodzi, ndili ndi benchi pamsika. Atchule okha mtengo, ine sindiyankha kanthu. Ingotuluka lero."

A Ernest anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, ndikhulupirira kuti ankafunadi kupeza poti alembe. Kenaka anapukusa mutu. Kabokosi kaja kanali komweko. Sikankalola kuchotsa, sikankalolanso kuwonjezera.

Viza inatuluka Loweruka. Kupeza mpando m'ndege kunatenganso masiku, ndipo a Priska anakafika khanda lili ndi milungu iwiri, mchombo utagwa kale. Anakhalako miyezi itatu, ndipo Gilbert akuti ogulitsa masamba a m'dera lawo anaphunzira kuwerenga m'Chisena. Koma ine chimene chimandibwerera si zimenezo, ndi masana a Lachiwiri lija.

A Priska anakana kupita kunyumba. Anakhala pansi pakhonde la shopu, phazi limodzi lopanda patapata, foni ili m'manja awiri. Anthu amene ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaonerera mpikisano ankafika, n'kuona nkhope yawo, n'kubwerera osafunsa. Cha m'ma 3 koloko Gilbert anaimba. Mwana wamwamuna, wamng'ono koma akulira bwino, ndipo Emmie wadzuka. Anati nesi wina wachikulire, amene dzina lake sitinathe kulitchula, ndiye anamugwira dzanja Emmie mpaka polowa, chifukwa ankangoitana mayi ake.

Ine ndinalumpha, mawondo ndinawaiwala. A Ernest anayamba pemphero. A Priska anathokoza Mulungu motsitsa, n'kupukuta m'maso ndi mpango wopanda kanthu uja. Ndinakhala pambali pawo n'kunena kuti zatha bwino, tiyeni tikaone nsomba. Sanasunthe.

"Bambo a Emmie," anatero, "mwezi wathunthu mwana wanga wakhala akundiitana. Ine ndinali pano, kudikira kuti andiitane makina."